Kasinja wa 1/35 m'matope a ku Burma, ndiyambire pati?

Mdzukulu_wa_Keyala
Muli bwanji nonse. Ndakhala ndikumata tiakasinja tapulasitiki zaka ziwiri tsopano koma tonse tangondanda pa shelefu ngati tomato wa pa Mbare Musika, ndiye ulendo uno ndikufuna diorama yeniyeni, kachithunzi ka malo ndi zochitika koumba pa thabwa. Msuweni wanga wandibweretsera kasinja wa ku America wotchedwa M3 Lee, wa kampani ya Tamiya, 1/35 (wochepa ka 35 kuyerekeza ndi weniweni), kuchokera ku Johannesburg. Ndikuganizira agogo anga aamuna, anali msilikali wa Keyala (King's African Rifles), anamenya nkhondo ku Burma asanabwere kuno ku Harare kudzagwira ntchito nthawi imeneyo kukutchedwa Salisbury, ndipo tikakhala nawo pakhonde ku Mabvuku nkhani yawo inali imodzi yomweyo, mvula, matope ndi misundu basi. Thabwa ndili nalo la 60 cm kwa 40 cm, ndikufuna ndiikepo mtsinje, mlatho, kanyumba kopsa, mitengo isanu ndi asilikali khumi. Koma matopewo andigonjetsa. Ndinasakaniza dothi la kuseri kwa nyumba ndi guluu, litauma linang'ambikang'ambika ngati dambo mu Okutobala, patatha sabata lachita chuku. Ndalakwitsa pati?

Madala_a_ku_Highfield
Mwana wanga, matope tikamba, koma vuto lako loyamba ndi thabwalo. M3 Lee ikatha imatalika 16 cm yokha, msilikali 5 cm, ndiye pa 60 kwa 40 kasinja wakoyo asowa ngati nyerere pa mphasa, ndiye chifukwa chake ukufuna kudzazapo mlatho ndi nyumba ndi zonsezo. Dula likhale 30 kwa 25. Dzifunse kaye kuti munthu akangoyang'ana aone chiyani chikuchitika? Agogo ako sanakuuze za mlatho, anakuuza za matope. Ndiye kasinja watitimira mbali imodzi, mzungu wasuzumira pamwamba thukuta lili kamukamu, asilikali atatu akudutsa wapansi, mmodzi watembenuka akumuyang'ana, nkhani yatha pamenepo. Komanso usamuike molunjika ndi m'mphepete mwa thabwa, umupingase pang'ono, ndipo kumbuyo kukwere, kutsogolo kutsike. Ine yanga yoyamba ndinaunjikapo chilichonse chimene ndinali nacho, ana akuti agogo mwapanga Magaba, msika wa zitsulo zakale uja wa ku Mbare.

Chisale_T55
Achimwene maganizo abwino kwambiri amenewa, zathu zomwe timaziiwala, aliyense amangopanga kasinja wa Tiger wa ma German mu chipale chofewa choti sanachionepo. Pa mbiri pake, asilikali a ku Nyasaland anali mu 11th East African Division, imene inatsika chigwa cha Kabaw mu 1944 nthawi ya mvula yamphamvu ija, misewu inasanduka phala moti katundu wambiri amachita kuponyedwa ndi ndege. Lee inagwiradi ntchito ku Burma mpaka 1945, ngakhale kwina anali ataisiya kale, chifukwa ma Japan analibe akasinja amphamvu. Koma oyendetsa anali ma British, monga a 3rd Carabiniers amene anamenya ku Imphal, a Keyala anali oyenda pansi, ndiye musaike agogo mkati mwa kasinja ayi. Komanso za mu bokosi la Tamiya ndi zizindikiro za ma America, onani zithunzi za ku Burma musanamate ma decal (timapepala ta zizindikiroto), ndipo ma British ambiri amachotsa kachipewa kakang'ono ka mfuti kapamwamba penipeni kaja. Asilikali avale zobiriwira, chipewa chachikulu chopinda mbali imodzi, mfuti Lee-Enfield ndi chikwanje m'chiuno. Tizidole ta nkhope zathu ndi tosowa, ine ndimagula ta ma Australia kapena ma British tokhala ndi zipewa zimenezo nkupenta khungu. Musapente ndi black, zimaoneka ngati makala, yambani ndi brown wakuda kenako muwalitse pamphuno ndi masaya ndi brown wofiirira.

Nachisale_Mufakose
Za chukuzo ndaseka chifukwa zinandichitikira. Dothi lili ndi zamoyo achimwene, muyambe mwaliumitsa mu uvuni kapena mulikazinge pa chiwaya chakale mpaka liume gwa, kenako musefe ndi sefa ya tiyi. Osati ya kukhitchini, ine mayi anga mpaka lero amaikumba nkhani imeneyo. Ndipo katondo wofiira wa kuno ayi, katengeni dothi lakuda la kudambo. Kung'ambikako ndi chifukwa munapaka lochindikala ndi madzi ambiri. Pansi muumbe ndi kaylite, ija imabwera m'mabokosi a firiji, muiseme ndi mpeni kupanga chitunda ndi dzenje, muipake guluu wa matabwa iume, apo ayi spray ikaigwera imasungunuka mukuona. Kenako dothi losefa, guluu wa matabwa, pulasitala pang'ono ndi penti wa brown, zikhale ngati phala la mgaiwa lolimbirako, mupake mopyapyala, 3 mm yakwana. Zisanaume yalani kapepala kapulasitiki nkudindapo kasinjayo kuti matcheni asiye mapazi ake, chinthu cha matani 27 sichingakhale pamwamba pa matope ngati mbalame. Otsalawo pakani ku mawilo, ku matcheni ndi ku nsapato za asilikali mpaka m'mawondo, mtundu ukhale umodzi. Zikauma, vanishi wonyezimira m'maenje mokha kuti muoneke madzi, mukapaka paliponse zimakhala ngati chokoleti. Udzu ndi chingwe cha khonje chomasula nkudula, mitengo ndi mizu youma ya tchire, masamba ogwa pansi ndi masamba a tiyi ogwiritsa kale ntchito.

Mdzukulu_wa_Keyala
Zikomo madala, thabwa ndadula kale madzulo ano ngakhale mtima umawawa, mlatho ndi kanyumba zidikire ina. Achimwene a Chisale, kachipewa kaja ndinali nditamata kale dzulo, ndakachotsa ndi lumo mwamwayi guluu anali asanagwiretu. Asisi, dothi ndikatenga Loweruka kudambo la kumunsi kwathu. Funso lina, misundu pa 1/35 ingaoneke? Chifukwa agogo akanakhalapo akanayamba kufunsa imeneyo.

Nachisale_Mufakose
Msundu wa 3 cm ukhala wosakwana 1 mm. Kadontho ka penti wakuda pa mkono, ndi kamzere kofiira kotsika. Koma mumupange msilikaliyo akuuyang'ana, apo ayi anthu aziyesa mwadonthetsa penti.