Labu yathu ilibe TEM (microscope yamphamvu yogwiritsa ntchito ma electron), kodi ndingapangebe kafukufuku wa nanotechnology?

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili chaka chachitatu ku Chemistry ndipo mtima wanga uli pa nanotechnology, sayansi ya tinthu ting'onoting'ono zedi. Sabata yatha ndinayesa kupanga silver nanoparticles, tinthu ting'onoting'ono ta siliva. Ndinkadontheza silver nitrate pang'onopang'ono mu sodium borohydride yozizira, madzi aja n'kusanduka achikasu. Pa UV-Vis, makina oyeza kuwala kumene madziwo akumwa, peak (nsonga ya graph) inatulukira cha pa 400 nm (nanometer), kusonyeza kuti tinthuto tapangika, ine chimwemwe tsaya. Kubwera m'mawa mwake, madzi achita mbuu, zakuda zadikha pansi pa botolo.

Chikundisowetsa mtendere n'chakuti tilibe TEM. Tinthu timeneti sitipitirira 100 nm, pomwe tsitsi limodzi limanenepa pafupifupi 80,000 nm, ndiye pa microscope wamba palibe chimene ndingaone. Ntchito yotere angaiwerengere ngati kafukufuku? Ndalembera aphunzitsi atatu kupempha malo mu labu mwawo, onse kuli zii.

Yankho 1: Mng'ono wanga, zakuda zimene zakukhumudwitsanizo ndiye kafukufuku wake. Tinthuto tinagwirana n'kupanga zibuluma chifukwa panalibe chotitchinjiriza. Pangani mabotolo angapo, lina muikemo citrate, lina PVP (onsewa ndi mankhwala otchinjiriza tinthuto), lina mulisiye choncho, muziyeza tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri. Peak ikamatambasuka n'kumatsika, dziwani kuti tayamba kugwirana. Mabotolonso muzitsuka mosamala, kamchere kochepa kokha kamasokoneza zonse. TEM mudzaifuna kumapeto, ndipo sample yabwino ikhoza kutumizidwa ku labu ina.

Yankho 2: Mu imelomo munalembamo chiyani? Ngati munangoti mumakonda nanotechnology, musadabwe, zoterozo amalandira zambirimbiri. Werengani pepala limodzi la kafukufuku wa aphunzitsiwo, muwatumizire graph yanuyo ndi funso limodzi lokha. Apo ayi, kaonaneni ndi wophunzira wawo wa PhD. Iyeyo ndi amene amaswera mu labu, amadziwa pamene pakufunika manja.

Yankho 3: Anthu akuuzani za REU, pulogalamu ya ku America yopatsa ophunzira a digiri yoyamba mwayi wochita kafukufuku. Ingodziwiranitu kuti ndalama za NSF, bungwe la boma la America limene limalipira pulogalamuyi, zimapita kwa nzika zawo ndi okhala ndi green card, musatayirepo nthawi musanawerenge malamulo ake. Pakadali pano lowani pa webusaiti ya nanoHUB, ma simulation ake ndi aulere.

Wofunsa: Zikomo nonse. Botolo lija ndinakhuthula kale chifukwa cha mkwiyo, ndiyambiranso Lolemba. A Yankho 1, PVP ndiike sodium borohydride isanakumane ndi silver nitrate, kapena pambuyo pake?