"Pusi anagwa chagada": pusi wake uti, ndipo analakwa chiyani?

Wofunsa, wa Fomu 3

Akuluakulu, ndithandizeni. Sabata yatha aphunzitsi a masamu atandibwezera pepala langa, pansi pa malikisi (musafunse kuti angati) analemba ndi cholembera chofiira kuti: "Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Sanawonjezere kanthu. Anzanga anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma kunena zoona mwambiwu sindinaumve.

Chandisokoneza kwambiri ndi pusiyo. Kuyambira ndili mwana ndimamva anthu akuitana mphaka kuti "pusi, pusi", ndiye ndimayesa akunena mphaka. Komatu mphaka sagwa chagada. Tinamvapo m'kalasi za Mfalansa wina, Étienne-Jules Marey, amene mu 1894 anajambula mphaka akugwa, zithunzi zambirimbiri zotsatizana, n'kuonetsa momwe amapotolera thupi ali m'malere mpaka kutera ndi miyendo. Makolo athu ankazidziwa nyama kuposa ife. Akanasankhiranji nyama yomwe siigwa chagada?

Kwinako ndikudziwa kumene aphunzitsiwo akuloza. Ndimasewera mpira m'timu ya sukulu, pakati. Ndimaimba tenala m'kwaya Lachiwiri ndi Lachinayi. Ndili m'gulu la mtsutso, ndipo nkhani za m'maiko ndimazitsata ngati ndimalipidwa. Kodi mwambiwu ukuti ndisiye zonsezi nditsale ndi mabuku okha? Ngati ndi choncho, mundikhululukire, ndikukana.

Mphunzitsi wopuma

Mwanawe, wandiseketsa m'mawa uno. Mphaka musiye, alibe mlandu. Pusi wa mwambiwu ndi uja wa m'mitengo, wa nkhope yakuda, ubweya wotuwa ndi mchira wautali, wochepa thupi kuposa nyani. Nyani amakonda pansi ndi m'matanthwe, pusi amakonda nthambi.

Mawu oti chagada ali ndi abale ake. Munthu amagwa chafufumimba, ndiye kuti mimba pansi. Amagwa chammbali. Amagwa chadodolido, mutu pansi miyendo m'mwamba. Kugwa chagada ndiye kumenyetsa msana pansi, nkhope kumwamba. Ndiko kugwa kwa munthu amene sanadzitchinjirize n'komwe, chifukwa wogwa chafufumimba amakhala watsogoza manja. Wogwa chagada manja ake anali ndi ntchito ina.

Tsono ganizira pusi ali mumtengo wa zipatso. Wathyola chimodzi ndi dzanja lamanja. Asanalume waona china chakupsa kwambiri, wachitenga ndi lamanzere. Kenako china chofiira uko, watambasula mwendo. Pusitu ali ndi timatumba m'masaya momwe amasungiramo chakudya, ndiye m'kamwa namonso mwadzaza. Ndipo mchira wakewo, ngakhale ndi wautali chotero, sugwira nthambi. Anyani okulunga mchira panthambi ali ku America wa kummwera ndi wapakati, a mu Africa mchira umangowathandiza kuti asapendekeke. Ndiye akatambasula mwendo wotsalawo, wamugwira ndani?

Mnzako wa Fomu 4

Aise, aphunzitsi akowo akulasa bwino. Koma agogo, inunso tiyankheni funso lake lenileni. Akufunsa ngati asiye mpira. Miyambi imeneyi akuluakulu mumaitulutsa nthawi zonse mwana akafuna kuchita china chosakhala buku. Sindinamvepo mwana wokhoza masamu akuuzidwa kuti pusi anagwa chagada chifukwa choti akuphunziranso bayoloje, jogalafe ndi mbiri yakale. Maphunziro 8 kapena 9 nthawi imodzi palibe amati n'kususuka. Ukangowonjeza gitala, pusi uja watulukira.

Wofunsa

Wandilankhulira, aise. Ndiponso pali Sócrates wa ku Brazil. Anaphunzira udokotala ku Ribeirão Preto uku akusewera mpira, n'kudzakhala kaputeni wa dziko lake pa World Cup ya 1982 ku Spain. Ku timu yake ya Corinthians anali m'gulu la osewera amene anayambitsa zoti nkhani za timu azizigamula povota, pa nthawi imene dziko lawo linkalamulidwa ndi asilikali. Mpira, sukulu, ndale, zonse munthu mmodzi. Ameneyu anagwa chagada?

Bambo wokonda mpira

Achimwene, timu ya 1982 ija musandikumbutse. Inagonja 3-2 ndi Italy, Paolo Rossi anagoletsa zonse zitatu, ndipo mpaka lero anthu amaitchula ngati timu yokoma kwambiri imene sinatenge chikho. Koma chitsanzo chanucho chiyang'aneni bwino. Sócrates anapita ku Corinthians mu 1978 atamaliza kale sukulu ya udokotala, ndipo odwala anadzawaona bwinobwino atasiya mpira. Sankapima munthu pa nthawi yopuma ya masewero.

Tengani Michael Jordan. Mu Okutobala 1993 anasiya basketball atangotenga chikho cha NBA, ligi yaikulu ya ku America, katatu kotsatizana ndi Chicago Bulls. Mu 1994 anakasewera baseball ku timu yaing'ono ya Birmingham Barons, sizinamuyendere kwenikweni, mu Malichi 1995 anabwerera, n'kutenganso zikho zitatu, 1996, 1997 ndi 1998. Usain Bolt, amene anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, atasiya kuthamanga anakayesa mpira ku Central Coast Mariners ya ku Australia mu 2018. Anagoletsa ziwiri pa masewero opimana mphamvu, koma nkhani inathera pomwepo, sanasaine. Anthuwa anasuntha ndithu, koma ankasiya nthambi ina atagwira ina. Pusi aliyense amatero tsiku lonse, ndipo sagwa. Akanakhala kuti amagwa akangosintha nthambi, bwenzi apusi atatha kalekale.

Mphunzitsi wopuma

Bambo, mwandilanda mawu. Ndipo iwe wa Fomu 4, sindikutsutsa. N'zoona kuti ife akuluakulu mwambiwu timaugwiritsa ntchito ngati chikwapu, ndipo ana ena aluso tinawazimitsa nawo. Ineyo ndinaphunzitsapo mtsikana wina wothamanga ngati mphepo, tinamuletsa poti mayeso ayandikira, sanathamangenso, ndipo mayesowo anakhoza monga momwe akanakhozera akuthamanga. Zimandiwawabe.

Koma mverani mawu a mwambiwo. Sukuti pusi anadya zipatso zambiri. Sukutchula kudya n'komwe. Ukungoti "ichi chakoma, ichi chakoma", ndipo akunena mawuwo ndi pusi mwini, maso ali uku ndi uku. Wadziwa bwanji kuti chakoma asanalawe? Chakoma m'maso basi. Chimene wagwira kale chimasiya kukoma akangoona china.

Mayi wa ana atatu

Aphunzitsi, ndiloleni ndiponyepo. Anthu ambiri amasakaniza mwambi umenewu ndi uja woti "mapanga awiri avumbwitsa", koma kwa ine ndi yosiyana. Wa mapanga ndi munthu amene mvula yamupeza, pali phanga uku ndi phanga uko, iye akuthamangira ili, kenako n'kuganiza kuti lija ndiye labwino, mpaka wanyowa ali pakati. Ameneyo vuto lake ndi mantha, akuopa kusankha molakwika. Pusi sakuopa kanthu. Iye akufuna zonse, ndipo akuzifuna pompano.

Mwana wanga, ndikufunse ngati mayi ako. Usiku woti mawa lake ulemba masamuwo, unkatani? Usandiuze za sabata yonse. Usiku umenewo wokha.

Wofunsa

Amayi, funso lanulo ndi lopweteka.

Chabwino. Buku linali lotsekula, zimenezo ndilumbire. Koma kunalinso mpira wa Champions League, ndiye ndinkangosuzumira zigoli pa foni. M'makutu munali nyimbo ya kwaya, chifukwa pali malo ena pamene atenala timalowa mochedwa ndipo oimbitsa anatikalipira. Ndiye pa gulu lathu la WhatsApp la mtsutso kunabuka mkangano. Mutu wathu wotsatira ndi wa kusintha kwa nyengo, ngati maiko olemera ayenera kulipira osauka pa zowonongeka. Wina analemba kuti pangano la ku Paris la 2015 linalephera, poti ankafuna kutentha kusakwere kupitirira madigiri 1.5 koma 2024 chinakhala chaka chotentha kuposa zaka zonse zimene zinalembedwapo. Ine sindikanangomusiya, chifukwa malire amenewo amawayeza pa zaka zambiri, osati chaka chimodzi. Tinakangana mpaka cha m'ma 12 koloko. Masamu ndinawerenga tsamba limodzi, katatu.

Choseketsa n'choti Lachinayi lake ndinalowanso mochedwa pa malo omwe aja a nyimbo. Ndipo mukandifunsa amene anagoletsa usiku umenewo, ndiyenera kukayang'ana.

Mnzako wa Fomu 4

Dzanja, dzanja, mwendo, mwendo. Aise, ndakusiya wekha, mlandu uwu sindingakuimire.

Mayi wa ana atatu

Waonatu. Mpira umene umasewera masana ndi miyendo yako sindikuuona pa mlanduwu. Umenewo umakutopetsa bwino, umagona tulo tabwino. Kwayanso ili ndi ola lake, imayamba n'kutha. Chimene chilibe ola ndi foniyo. Wanga wamkulu ankawerenga nyimbo zili m'makutu, akuti zimamuthandiza. Ndinamuuza kuti awerenge ndime imodzi mokweza nyimbo ya mawu ikulira, anafika pakati n'kuyamba kuimba. Mawu a m'buku ndi mawu a m'nyimbo amalowera khomo limodzi. Ndiponso a msinkhu wako madokotala amati azigona maola 8 mpaka 10. Iwe unagona angati?

Wofunsa

Asanu, mwina. Koma amayi, nkhani za m'dziko sindingasiye kutsata. Zimene akukanganazo, za nyengo, za nkhondo, za makina oganiza amene akuti adzatilanda ntchito, adzakhale nazo ndi ifeyo. Wina akandiuza kuti dikira umalize sukulu ndiye uzidzaziganizira, ndimaona ngati akundinyoza.

Mphunzitsi wopuma

Palibe wakuuza kuti usiye, ndipo mfundo yako ya madigiri ija unalondola. Ukaitenge bwino, ukaiponye pa tsiku la mtsutso pamaso pa oweruza, osati pakati pa usiku kwa mnzako amene nayenso akusinza.

Pali kanthu kena ka chagada kamene ndakhala ndikukaganizira chiyambire m'mawa. Izi ndi zanga, sindinazimve kwa agogo anga. Wogwa chafufumimba amaona dothi. Wogwa chagada amaona kumwamba, ndiye pusi uja ali gone pansi, msana ukuwawa, maso ake ali pa mtengo womwe uja, zipatso zonse zili lendelende pamene anazisiya. Mwina n'chifukwa chake sanati anathyoka mwendo kapena anafa. Anangomugoneka poti azionerera.

Bambo wokonda mpira

Aphunzitsi, pamenepo mwanenapo. Zili ngati goloboyi amene watuluka kukathamangira mpira wa mnzake, n'kugwa, n'kumauona ukudutsa pamwamba pake kulowa mu ukonde.

Wofunsa

Lero ndinalimba mtima n'kuwafunsa aphunzitsi a masamu aja ngati amatanthauza kuti ndisiye timu. Anandiyang'ana n'kunena kuti ayi, iwo za mpira analibe nazo ntchito. Ananditsegulira pepala langa. Gawo lachiwiri linali loti tisankhe mafunso 3 mwa 5. Ine ndinayamba onse 5, osamaliza ndi limodzi lomwe.

Ndiye funso langa latsopano ndi ili. Mtsutso uli Lachisanu, mpira Loweruka, kwaya ikuimba Lamulungu, ndipo Lolemba andipatsa mwayi wolembanso masamu. Pa zinayizi, nthambi ndi iti, zipatso ndi ziti?

Mayi wa ana atatu

Uthenga wakowu waulemba nthawi ili 11:40 usiku, mwana wanga. Buku lili kuti?