Chithokozo tichiike mu Novembala pafupi ndi Adiventi, kapena tidikire masika?

Mbusa wa ku Chinamwali

Moni azibusa anzanga, akulu a mpingo ndi amayi nonse. Achinyamata a mumpingo mwathu abwera ndi ganizo loti kumapeto kwa Novembala tikhale ndi Lamulungu la chithokozo, tidyere limodzi pa tchalitchi, kenako sabata yotsatira tilowe mu Adiventi, nyengo yokonzekera Khirisimasi. Aona abale a ku America akuchita choncho pa Facebook. Mtima wawo ndaukonda, koma sesheni isanakhale ndikufuna nzeru zanu. Nthawi imeneyi ndi yoyenera kuno ku Zomba? Ngati ayi, chithokozo tichiike pati, ndipo tichikonze bwanji kuti chisathere m'madandaulo? Nanga Adiventi tingaiphunzitse bwanji kwa akhristu amene mu Disembala mtima wawo wonse uli kumunda?

Mbusa wopuma, Domasi

Abusa, anawo musawagwetse ulesi, koma auzeni chifukwa chimene tsikulo linakhalira mu Novembala. Ku America amalichita Lachinayi lachinayi la Novembala chifukwa kwawoko amakhala atangokolola, chisanu chili pakhomo. Abraham Lincoln analilengeza kukhala tsiku la dziko lonse mu 1863. Ku Canada, kumene kumazizira msanga, amalichita mu Okutobala. Aliyense anatsatira munda wake.

Ife munda wathu ukunena zina. Kumapeto kwa Novembala mabanja ambiri ufa wayamba kupelewera, ndalama zapita ku mbewu ndi feteleza, ena ali pa ganyu wogalauza. Mukanena kuti banja lililonse libweretse nkhuku kapena mpunga, obwera adzakhala apantchito a ku Matawale ndi m'tauni muno, koma mayi wa kumudzi amene alibe chonyamula adzakhala pakhomo chifukwa cha manyazi. Pamenepo chithokozo chagawa mpingo pakati.

Chithokozo chathu tili nacho kale, ndicho masika. Chimanga chimakololedwa mu Epulo ndi Meyi, mpunga wa kumbali ya Chilwa umamwetedwa cha mu Meyi ndi Juni, ndiye Lamulungu la masika limakhala bwino kumapeto kwa Juni kapena mu Julayi, anthu atatonola ndi kuyanika. Nandolo amachedwa, ndiye mpatseni tsiku lake laling'ono cha mu Seputembala, makamaka m'nyumba za mapemphero za kumidzi.

Pa ulaliki, Deuteronomo 26:1-11 ndi mutu umene sukalamba. Taonani dongosolo lake: munthu aika zoyamba kucha mu dengu, apita nalo kwa wansembe, ndipo asanalisiye afotokoza mbiri ya makolo ake, kusauka kwawo ku Ejipito ndi kuomboledwa kwawo. Pomaliza akondwera pamodzi ndi Mlevi ndi mlendo. Ndiye kuti chopereka chimayenda ndi umboni, ndipo phwando lili ndi malo a munthu amene alibe munda. Mipingo yambiri timatenga dengu lokha n'kusiya zinazo. Patulani mphindi 20 kuti anthu atatu kapena anayi, osankhidwiratu m'milaga yosiyana, anene mwachidule chimene akuthokoza. Auzeni kuti aliyense mphindi zisanu basi.

Chinthu chimodzi ndikupemphani: musamawerenge maina ndi matumba pa guwa. Kulengeza kuti uje wapereka matumba asanu, uje mbale imodzi, kumasandutsa mapemphero kukhala mpikisano. Lengezani za mlaga wonse pamodzi. Paulo pa 2 Akorinto 8:12 akuti mphatso ilandiridwa monga mwa chimene munthu ali nacho. Ndipo chaka chikavuta, ngati 2023 namondwe wa Freddy atakokolola minda kapena 2024 ya ng'amba ija, masika musawathetse. Achepetseni, mulalikire Habakuku 3:17-18, ndipo chimene chabwera chibwerere kwa ovutikitsitsa.

Dikoni wa ku Jali

Abusa a ku Domasi anena za guwa, ine ndinene za kuseri kwa tchalitchi, chifukwa madandaulo a masika amabadwira kumeneko.

Choyamba ndi sikelo. Ndowa sizifanana, wina amadzaza mosefukira wina mpaka pakamwa pokha, ndiye mukalemba "ndowa 30" simudziwa kuti muli ndi chimanga chochuluka bwanji. Pimani pa sikelo, muthire m'matumba a makilogalamu 50, ndipo polemba pakhale anthu atatu: dikoni, mkulu wa mpingo ndi mayi mmodzi wa Mvano. Onse asaine tsiku lomwelo. Makiyi a chipinda chosungira asakhale kwa munthu mmodzi. Ikani maloko awiri. Izi sikukayikira munthu, n'kumuteteza ku miseche.

Chachiwiri, musaphatikize chimanga musanachiyese. Chachokera m'makomo osiyanasiyana, china chouma bwino, china chachinyezi, china chalowa kale anankafumbwe. Thumba limodzi lodwala limapatsira onse. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani botolo lagalasi louma, muthiremo chimanga chodzaza dzanja ndi supuni ya mchere wouma, mutseke, mukhutchumule, mudikire mphindi 15. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Chiyanikeninso pa lona masiku awiri kapena atatu. Chosungika bwino chinyezi chake chimakhala cha pa 13 peresenti. Chimene chachita chuku kapena chasintha mtundu chichotseni, ndipo musachipereke kwa osauka poganiza kuti akagaitsa: poizoni wa chuku satha ndi kuphika.

Mukapeta, muli ndi njira ziwiri. Ina ndi mankhwala a fumbi ngati Actellic, kutsatira muyeso wolembedwa pa botolo ndi kusakaniza bwino pa lona, osati kungowaza pamwamba pa thumba. Ina ndi matumba a PICS, aja a mapepala awiri m'kati ndi saka kunja. Amenewa safuna mankhwala, tizilombo timafa posowa mpweya, koma pepala lililonse limangidwe palokha mutafinya mpweya, ndipo likaboola ndi khoswe ntchito yatha. Matumba asakhale pa simenti kapena kutsamira khoma. Yalani mitengo pansi, musiye mpata woti munthu azungulire.

Chachitatu ndicho chimene chikugwirizana ndi funso lanu. Sesheni igwirizane masika asanachitike kuti gawo liti ndi la pa nyumba ya abusa, liti logulitsa, liti la amasiye ndi okalamba. Mu Juni chimanga chimakhala chotsika mtengo, ndiye kugulitsa chonse sabata yomweyo n'kutaya. Gawo la osauka lisungeni mpaka Disembala ndi Januwale. Zosachedwa kuwonongeka monga mbatata, maungu, nthochi ndi nzimbe, zigawidwe kapena zigulitsidwe tsiku lomwelo. Nkhuku ndi mbuzi nazo zisagonere, palibe wozidyetsa.

Katekisiti wa ku Thondwe

Abusa, ine ndine Mkatolika, ndiyankhe mbali ya Adiventi, mutengepo zimene zingagwire kwanu.

Adiventi imayamba Lamulungu loyandikana ndi 30 Novembala, ndiye kuti pakati pa 27 Novembala ndi 3 Disembala. Masabata a Lamulungu amakhala anayi nthawi zonse, koma masiku amasiyana: mu 2022 inali yaitali masiku 28, mu 2023 inali yaifupi, Lamulungu lachinayi linagwa pa 24 Disembala. Onani kalendala msanga kuti makwaya asadzidzimuke.

Nyengoyi ili ndi zigawo ziwiri. Kufika pa 16 Disembala maso ali pa kubweranso kwa Ambuye. Kuyambira pa 17 timayang'ana ku Betelehemu. Lamulungu loyamba uthenga wake ndi wa kukhala tcheru, lachiwiri ndi lachitatu ndi Yohane Mbatizi, lachinayi ndi Maria ndi Yosefe, ndipo Yesaya amamveka pafupifupi nyengo yonse. Bambo mfumu amavala za mtundu wa pepo, pa Misa ya Lamulungu sitiimba Ulemu kwa Mulungu kumwamba, timaisunga kuti idzaphulike usiku wa Khirisimasi. Maluwa pa guwa amachepetsedwa.

Makandulo a Adiventi, oyatsa Lamulungu ndi Lamulungu, ndi anayi, atatu a pepo, limodzi la pinki loyatsa Lamulungu lachitatu, la chimwemwe. A mitundu imeneyi amavuta kupeza m'masitolo muno. Gulani oyera, mumange kansalu ka pepo kapena ka pinki m'munsi mwake, kutali ndi moto. Nkhata yake lukani ndi nthambi za paini kapena mkungudza, pa thireyi kapena lichero, makandulo muwazike m'timakapu ta mchenga kuti asagwe. Ndi kutentha kwa Disembala masamba amauma pasanathe masabata awiri ndipo amayaka msanga, ndiye asintheni, ndipo kandulo ikatsala pang'ono kufika pa masamba ichotseni.

Za anthu amene mtima uli kumunda, ine ndikuona kuti pamenepo ndiye pali mwayi wathu. Werengani Yakobo 5:7-8. Akuti taonani mlimi, adikira chipatso cha mtengo wapatali cha m'nthaka, mpaka chilandire mvula yoyamba ndi yomaliza. Mkhristu wa ku Thondwe sasowa womumasulira vesi limeneli. Akudziwa kuti chizimalupsa si mvula yobzalira, kuti wopupuluma mbewu imapsera pansi. Akudziwanso kuti wodikira mvula sakhala pakhonde: mizere wapanga kale, mbewu ili m'nyumba, khasu lanoledwa. Akaona mitambo yakuda pamwamba pa phiri la Zomba amathamangira kukaanula. Kudikira kwa Adiventi n'komweko. Choncho misonkhano ya m'malimana kapena m'milaga muziika madzulo, ikhale yosapitirira ola, chifukwa m'mawa anthu ali kobzala ndi kopalira.

Chimene chimaononga nyengoyi ndi kuyamba Khirisimasi pa 1 Disembala. Nyimbo za kubadwa zikaimbidwa masabata anayi, tsiku lenileni limafika anthu atatopa nazo.

Mayi wa Mvano, Sadzi

Zikomo abambo nonse. Pa chimodzi ndisiyana nanu pang'ono, Abusa a ku Domasi. Si onse amalima. Aphunzitsi, asilikali, anamwino, ana a ku yunivesite ndi ogulitsa mumsika masika awo ndi mwezi ndi mwezi, ndipo kumapeto kwa chaka amafuna kuthokoza kuti afika amoyo. Ndiye Lamulungu lomaliza Adiventi isanayambe likhoza kukhala la chithokozo cha mapemphero, maumboni ndi envulopu kwa amene angathe, popanda phwando. Ndalamazo zigule mchere, sopo ndi mafuta zoperekeza chimanga chija adikoni asunga.

Phwando likhale la masika, ndipo miyeso yake nayi ya anthu 200. Mpunga wosaphika makilogalamu 30, kapena ufa makilogalamu 40 ngati ndi nsima. Nyemba makilogalamu 10, zonyika usiku. Mbuzi ya kumudzi imatulutsa nyama makilogalamu 10 kapena 12, ndiye pafunika ziwiri kuti aliyense apate nthuli ziwiri. Kabichi mitu 20 yaikulu. Thobwa liphikidwe dzulo lake, ligawidwe ndi munthu mmodzi wa chikho chachitali, osati aliyense kumiza kapu yake mu ndowa.

Vuto la masiku onse ndi kagawidwe. Tikayamba ndi tebulo la akuluakulu, ana amapeza msuzi wokha. Patuliranitu mphika wa ana ndi wa okalamba, adye poyamba, ndipo mbale za odwala amene sanabwere zinyamulidwe chakudya chikadali chotentha. Madzi akumwa athiridwe kolorini, ndipo posamba m'manja pakhale ndowa ya mpopi ndi sopo, osati beseni limodzi la onse. Kolera ya 2022 ndi 2023 tonse tikuikumbukira.

Mbusa wa ku Chinamwali

Zikomo kwambiri. Ndikatula ku sesheni motere: masika mu Julayi, chithokozo cha maumboni Adiventi isanayambe. Funso lotsala, adikoni: chimanga cha osauka tigawe liti, ndipo ndani asankhe maina?

Dikoni wa ku Jali

Gawani kawiri, Abusa. Theka pa sabata lachitatu la Adiventi, theka kumapeto kwa Januwale pamene njala yafika pachimake ndipo zigayo zili zii. Maina achokere m'milaga, mkulu wa mlaga ndi amayi a Mvano ndiwo amadziwa khomo limene moto sukuyaka. Musaitanire anthuwo kutsogolo kwa tchalitchi kapena kuwajambula. Achinyamata anu aja anyamule pa njinga kukasiya khomo ndi khomo, awiriawiri, ndipo ngati wolandira ndi nkhalamba yosatha kuyenda, adutse nacho kuchigayo kuti chikafike chili ufa.