Oleylphosphocholine ikuthera mu kolamu, thandizeni

Nachisale

Moni akuluakulu nonse. Ndikupanga oleylphosphocholine, mbale wake wa miltefosine, mankhwala a matenda a kala-azar. Mutu ndi womwewo wa phosphocholine, koma mchira uli ndi makaboni 18 ndi double bond imodzi pa C9, pomwe wa miltefosine uli ndi makaboni 16 basi. Tikufuna kuiyesa pa Leishmania donovani, kachilombo koyambitsa matendawa, miltefosine yogula ikhale choyerekezera.

Ndikutsata njira ya COP, 2-chloro-2-oxo-1,3,2-dioxaphospholane. Poyamba oleyl alcohol, COP ndi triethylamine mu toluene pa ayezi, kenako kusefa mchere, kenako kutsegula ring ndi trimethylamine mu acetonitrile, m'chubu chotseka pa 65°C. Chinthucho chikupangika, koma pang'ono zedi. Pochiyeretsa mu kolamu ya silica chikukokana n'kumwazika m'machubu ambirimbiri, ndipo pa TLC (puleti yoonera zomwe zili m'chosakaniza) pali dontho lina lomwe likukana kusiyana nacho. NMR ya phosphorus (31P) mu CDCl3 ikungopereka peak imodzi yotambalala yosawerengeka. Choipitsitsa, anzathu a ku cell culture akuti batchi iliyonse ikupereka IC50 yakeyake (mlingo wa mankhwala wochepetsa tizilombo ndi theka). Ndisinthe silica kapena ndipite ku reverse phase?

aMbewe

Achemwali, musathamangire kolamu. Mundiyankhe kaye izi. Trimethylamine mukuitenga kuti, ndi gasi kapena ili m'chosungunulira china? COP munaitsegula liti? Ndipo mukamaliza gawo loyamba, musanathire trimethylamine, mumatenga 31P?

Nachisale

Trimethylamine ndi ya m'botolo, yosungunulidwa mu ethanol, yomwe ili m'labu mwathu. COP yatsegulidwa kale koma imakhala mu firiza. 31P ndimatenga kumapeto kokha.

aMbewe

Ndiye vuto lalikulu lili pamenepo. Chimene mumapanga pa gawo loyamba ndi phosphate ya ring ya maatomu asanu, ndipo ring imeneyi ndi yokhinimira. Frank Westheimer ndi anzake anaonetsa kale m'ma 1950 kuti ethylene phosphate imasweka ndi madzi mofulumira kuwirikiza mamiliyoni poyerekeza ndi phosphate yopanda ring. Inu mukufuna kuti trimethylamine igunde kaboni ya CH2 n'kutsegula ring kuti mupeze choline. Koma m'chubumo mukuthiramo ethanol wochuluka kuposa amine, pa 65°C, amine yomweyo n'kumuthandiza ngati base. Ethanol amagunda phosphorus. Zotuluka zake ndi triester yokhala ndi ethyl ndi hydroxyethyl, yopanda choline. Madzi akakhalamo, ngakhale ochepa, mumapeza diester ya hydroxyethyl, yomwe ili ndi chaji, ndipo ndikuganiza kuti dontho lokana kuchokalo ndi limenelo.

Mutha kutsimikiza lero lomwe popanda makina. Thamangitsani mapuleti awiri a TLC ofanana. Imodzi muipopere molybdenum blue ya Dittmer ndi Lester, inayo Dragendorff. Chilichonse cha phosphate chidzaoneka buluu. Cha choline chokha ndicho chidzasanduke olenji pa puleti yachiwiri. Dontho likakhala buluu koma osati olenji, mwalidziwa.

Za 31P, tengani pa sitepe iliyonse. COP yabwino imakhala cha pa 23 ppm, ester ya ring cha pa 17 mpaka 18, ndipo ring ikatseguka zonse zimagwera pafupi ndi 0. Mukaona kale peak yaikulu pafupi ndi 0 trimethylamine isanalowe, ndiye kuti madzi analowa poyamba, kapena COP yanuyo inafa m'botolo.

aPhiri

Ndikugwirizana ndi aMbewe pa nkhani ya ethanol. Koma ine, mayi, ndingakulangizeni kuti COP muisiye. Njira ya POCl3 ilipo: alcohol ndi POCl3 ndi triethylamine, kenako choline tosylate mu pyridine, kenako madzi. Zonse mu flask imodzi, palibe chubu cha pressure, palibe gasi. Kuno kwathu COP kuitanitsa kumatenga miyezi, ikafika n'kukhala itayenda potentha. POCl3 mutha kuichita distil nokha.

aMbewe

Akulu, njirayo imagwira, sindikukana. Koma mchere wake ndi wambiri, pyridine, tosylate, chloride, ndipo POCl3 ikachepa pang'ono mumapeza dialkyl phosphate. Achemwaliwa akudandaula kale ndi kuyeretsa. COP ikayenda bwino, nthawi zambiri chinthucho chimadzigwera chokha mu acetonitrile chubu chikazizira.

aPhiri

Chabwino, popeza ali nayo kale m'manja. Ndiye trimethylamine youma apange okha. Tengani trimethylamine hydrochloride, dontheterani NaOH yamphamvu, gasiyo adutse m'chubu cha timibulu ta KOH kuti aume, kenako alowe mu acetonitrile youma yozizira. Trimethylamine amawira cha pa 3°C, choncho dry ice akasowa, ayezi wothira mchere amakwanira. Yezani kulemera kwa chubu gasi asanalowe ndi atalowa kuti mudziwe mwaika wochuluka bwanji. Zonsezi mu fume hood, chishango patsogolo pa chubu mukamatenthetsa, ndipo musatsegule chisanazizire pa ayezi. Gasiyo akathawa pang'ono mudziwa, fungo lake ndi la usipa wovunda ndipo limamatirira zovala.

Acetonitrile igone pa molecular sieves za 3 Å zowotcha kumene. Ester ya ring musaigoneke usiku, ipite ku gawo lachiwiri tsiku lomwelo.

aMbewe

Tsopano za kolamu. Phosphocholine ili ndi chaji ziwiri, imakakamira silica, ndipo popanda madzi m'chosungunulira imakokana mpaka kalekale. Yambani ndi chloroform ndi methanol 9:1 kuti oleyl alcohol yotsala ndi triester zichoke, kenako 65:25:4 ya chloroform, methanol ndi madzi. Musanafike kukolamu, sungunulani mu chloroform wochepa, thirani acetone yozizira, ikani pa -20°C. Ya oleyl imatuluka ngati phula, siuma bwino ngati ya C16, koma zonyansa zambiri zimatsala mu acetoneyo.

NMR mu CDCl3 yokha ndiye musiye. Mamolekyu amenewa amaunjikana, mitu mkati, n'chifukwa chake peak ikutambalala. Sakanizani CDCl3 ndi CD3OD 2:1. Singlet ya N(CH3)3 cha pa 3.2 iyenera kukhala 9 pomwe ma proton a double bond cha pa 5.35 ali 2. Muyang'anenso quartet ya triethylammonium pafupi ndi 3.1, imabisala m'mbali mwa singlet ija.

Nabanda

Ine ndilankhule za mbali ya maselo, chifukwa ngakhale chemistry ikonzeke, IC50 ikhoza kumasinthabe.

Choyamba, ufa umenewu umamwa madzi a mumpweya. Mukayeza pasikelo mamiligalamu angapo, ena mwa iwo ndi madzi, ena mchere. Stock iliyonse muiyeze phosphate, njira ya Bartlett ya 1959 ikadali yabwino, kapena 31P yokhala ndi standard. Konsentireshoni ichokere pamenepo, osati pasikelo.

Chachiwiri ndi serum. Ma alkylphosphocholine amamatirira albumin kwambiri. Wina akagwiritsa FBS (serum ya ng'ombe yolerera maselo) 10%, wina 20%, manambala sangafanane. Amamatiriranso pulasitiki, ndipo akachuluka amapanga micelles n'kuyamba kuphulitsa ma membrane ngati sopo. Kupha kotero si kumene mukufuna. Miltefosine imalowa mu Leishmania kudzera pa mapuloteni a pa membrane, LdMT ndi mnzake LdRos3, ndipo tizilombo tomwe tataya njira imeneyi sitimva mankhwala. M'kati mwa selo imasokoneza kapangidwe ka phosphatidylcholine. Choncho yesaninso hemolysis, kuphulika kwa maselo ofiira a magazi, ndipo musadalire ma promastigote okha, tizilombo tokulira kunja kwa maselo, pitani ku ma amastigote a m'kati mwa macrophage (maselo a chitetezo cha thupi), monga maselo a THP-1. Miltefosine ikhale pa puleti iliyonse, osati kamodzi pa mwezi.

Ndikuumirira izi chifukwa ntchito yanuyi ndi yofunika. Miltefosine inachokera ku Göttingen, m'manja mwa Hansjörg Eibl ndi Clemens Unger, ngati mankhwala a khansa. India anaivomereza pa kala-azar mu 2002, bungwe la mankhwala la ku America, FDA, mu 2014, ndipo mpaka pano ndi mankhwala okhawo akumwa ovomerezeka pa matendawa. Ku East Africa payokha simachiza bwino ngati ku India, n'chifukwa chake DNDi, bungwe lofufuza mankhwala a matenda onyalanyazidwa, inaiyesa pamodzi ndi paromomycin ku Kenya, Ethiopia, Sudan ndi Uganda. Analog yabwino ikufunika, koma nambala yosakhazikika palibe adzaikhulupirire.

Ndipo mchemwali wanga, miltefosine imavulaza mwana m'mimba. Abale akewa muziwaona chimodzimodzi. Magolovesi, ndipo ufa muziyezera mu hood.

Nachisale

Zikomo kwambiri nonse. Ndabwera ndi zotsatira. Dontho lija linali buluu, Dragendorff osasintha. COP ya m'firiza inali ndi peak zina pafupi ndi 0, ndiye taichita distil pa vacuum. Trimethylamine ndapanga monga ananenera aPhiri. Gawo loyamba lapereka peak imodzi yoyera ya ring, ndipo chubu chitazizira chinthucho chinagwa chokha. Kolamu inali yaifupi. Mu CDCl3 ndi CD3OD ma integral akugwirizana, 9 kwa 2 pafupifupi. Mass ikuonetsa 434, yomwe ndi ya oleylphosphocholine, ndi chidutswa cha phosphocholine cha 184. Koma palinso 408 yaing'ono ndi 436 yomwe ikuoneka yokulirapo.

aMbewe

Werengani lebulo ya oleyl alcohol yanu. Ikakhala technical grade ya 85%, mulinso cetyl ndi stearyl alcohol. 408 ija ndi miltefosine yeniyeni yomwe mwapanga pamodzi ndi yanuyo, 436 ndi ya C18 yopanda double bond. Silica sizisiyanitsa zimenezi. Pezani alcohol ya 99%, kapena yeretsani yomwe muli nayo musanayambe, ndipo musunge pansi pa argon pa -20°C kuti double bond isaonongeke.

Nachisale

Ndi ya 85% ndithu. Taitanitsa yoyera. A Nabanda, batchi iyi ndisatumize ku maselo?

Nabanda

Tumizani kuti ayesere njira ya Bartlett ndi serum, koma IC50 yake isalowe m'tebulo. Ya m'tebulo idikire alcohol yatsopano.