Ndithandizeni kudziwa banki imene inatulutsa khadi ya nkhongole m'dzina langa

Membala wosatchula dzina:
Makolo ndi abale anga a pagulu lino, ndabwera kudzapempha nzeru chifukwa nkhani imeneyi ikundisowetsa tulo. Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Chipata. Mwezi watha ndinapita ku kampani ina yobwereketsa ndalama kuti andikongoze zomalizira denga la nyumba yanga ku Navutika mvula isanagwe, koma mtsikana wa padesiki atayang'ana pakompyuta anandiuza kuti sangandithandize, chifukwa dzina langa likuoneka kuti lili ndi nkhongole ya K2,300 pa khadi imene amati credit card. Dzina la banki sanandiuze, anangoti ndikafufuze ndekha, ndipo ankalankhula mokweza anthu onse a pamzere akumva. Malata ndinagula kale ndipo ndinawasungitsa kwa alamu anga, koma ndamva kuti atengapo ena n'kufolera khola la nkhumba osandipempha. Apongozi anga nawonso akufalitsa mbiri yoti malipiro anga onse ndimatumiza kwathu ku Chadiza, pamene ana asukulu ndikuwasamalira ndekha. Ku chilimba anandisuntha mwezi wanga popanda kundifunsa. Chiyambire ntchito ndasintha mabanki kangapo, makamaka pamene anandisamutsa kuchoka ku Lundazi. Kodi ndingadziwe bwanji banki imene ikundifunayi?

A Phiri opuma pantchito:
Mayi, ndikuuzeni mosapsatira mawu kuti vuto lenileni ndi kukonda makhadi. Ine ndinagwira ntchito m'boma mpaka kupuma, ana onse ndinawaphunzitsa, nyumba ndinamanga ku Kalongwezi, koma sindinagulepo kanthu ndi ndalama zimene sindinazigwire m'manja. Mu 1995 banki imene ndinkasungako ndalama inagwa, ndipo tinaima pakhomo pake dzuwa likutiwotcha monga anthu opempha, pamene ndalamazo zinali thukuta lathu. Kuyambira pamenepo chuma changa ndi ng'ombe ndi mtedza. Achinyamata a lero mumasaina pepala lililonse limene munthu wovala tayi wakubweretserani kusukulu, kenako mumadzalira pagulu.

Amake Chisomo:
Ndinagwirapo ntchito m'banki, choncho ndiloleni ndifunse chimene simunatiuze. Kodi khadiyo muli nayo, ngakhale itakhala yotha nthawi, ndipo kodi munasainapo fomu yoipempha? Ngati muli nayo, dzina la banki ndi nambala yake ya foni zimalembedwa pakhadi pomwepo, kawirikawiri kumbuyo. Ngati zilembo zinafufutika, yang'anani manambala a kutsogolo. Khadi imene manambala ake amayamba ndi 4 ndi ya Visa, ndipo imene amayamba ndi 51 mpaka 55 ndi ya Mastercard, ngakhale kuti zina za Mastercard zimayamba ndi 2. Dziwani kuti Visa ndi Mastercard sakongoza munthu, wokongoza ndi banki, ndipo manambala 6 kapena 8 oyambirira ndi amene amasonyeza bankiyo. Chonde musajambule khadiyo n'kuika pano, ndipo manambala atatu a kumbuyo musauze munthu aliyense.

Mbuya wanu wa ku Kasama:
Inu a kum'mawa musavutike ndi kufufuza, ndalamazo zinathera pa mbewa za ku Kapata. Funsani wogulitsa mbewa, ndiye akudziwa banki yake.

A Phiri opuma pantchito:
Ambuya, inu pitani mukasake anyani anu, pano tikukamba za nzeru. Ndipo Amake Chisomo, ulemu wanu ulipo, koma inu ndi amene munkatipatsa mafomu aja mukumwetulira. Lero mukuphunzitsa mayiyu kuwerenga manambala m'malo momuuza kuti adule makhadi onse ndi lumo.

Amake Chisomo:
A Phiri, kudula khadi sikutseka akaunti. Anthu ambiri amagwa m'mavuto chifukwa cha maganizo amenewo. Khadi ya nkhongole ikhoza kukhala ndi chindapusa cha pachaka ngakhale mwini wake sanagulepo nayo ngakhale machesi, ndipo chindapusacho chikapanda kulipidwa chimabereka chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi. Akaunti imatsekedwa ndi kalata, ndipo banki iyenera kukupatsani umboni wolembedwa wakuti simulinso ndi nkhongole.

NaTembo wa ku Katete:
Ine ndikuona kuti zimenezi ndi za akuba. Azakhali anga anawaimbira foni munthu wolankhula mwaulemu kwambiri, amene anati ndi wa kubanki ndipo akaunti yawo itsekedwa akapanda kutchula manambala amene anali atangofika pafoni. Anatchula, ndipo ndalama zonse za soya zinapita tsiku lomwelo. Tinakadandaula kupolisi ndi ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni, koma azakhali mpaka lero akamva foni ikulira amanjenjemera. Mayi, aliyense amene angakulembereni kumbali kuti akuchotsereni dzina pamndandanda mukamutumizira kenakake pa Airtel Money kapena MTN, mudziwe kuti ndi mbava.

A Zulu a ku Petauke:
NaTembo, chenjezo lanu ndi labwino, koma mayiyu sanaimbiridwe foni, anauzidwa pamaso muofesi. Chimene mtsikana uja anaona ndi lipoti la ku bungwe losunga mbiri ya okongola, limene kuno ku Zambia ambiri timalidziwa ndi dzina la TransUnion, ndipo limagwira ntchito ndi chilolezo cha Bank of Zambia. Lamulo la Credit Reporting Act la 2018 limakupatsani ufulu woona zimene zinalembedwa za inu komanso wotsutsa zolakwika. Mukapempha lipoti lanu ndi chitupa chanu cha NRC, mudzaona dzina la wokongoza ndi ndalama zimene akuti zatsala. Ine ndinadutsamo m'zimenezi, ndipo ndinapeza kuti imene ankaitchula kuti khadi inali nkhongole ya fetereza imene ndinaimira mng'ono wanga monga mboni, iye n'kuthawira ku Lusaka. Mpaka pano sitilankhulana, ngakhale pamaliro a amalume tinakhala motalikirana.

A Phiri opuma pantchito:
Mwamva zimenezo? Ngakhale abale akudana chifukwa cha mapepala a kubanki. Kale munthu akasowa ankapita kwa mfumu kapena kwa mnansi, n'kubweza akakolola. Tsono a Zulu mukuti mayiyu apite ku bungwe lomwe lamuipitsira dzina kuti akalipemphe chifundo? Ine sindingapite. Denga amalize ndi udzu chaka chino, malata adzakhoma akagulitsa chimanga. Ndiponso alamu akewo awatengere kwa anyakwawa, chifukwa mlandu weniweni m'nkhani yonseyi ndi wa malata.

Mnyamata wa pa Down Shops:
Bambo Phiri, mwaulemu ndikuti nthawi yanu inapita, ndipo amene amakana banki masiku ano amathera kwa a kaloba, kumene K500 imasanduka K750 mwezi usanathe. Amayi, ine ndikukayika ngati ilidi credit card. Aphunzitsi ambiri amene ndimawadziwa ali ndi khadi yotapira malipiro awo okha pa ATM, ndipo nkhongole zawo zimadulidwa kumalipiro. Onani mapepala anu akale a malipiro, chifukwa dzina la aliyense amene ankadula ndalama limaoneka pamenepo. Fufuzaninso mauthenga akale pafoni ndi pa imelo.

Amake Chisomo:
Ndiwonjezere mfundo imene yaiwalika. Banki imene munaidziwa ku Lundazi mwina lero ili ndi dzina lina. Barclays inasintha n'kukhala Absa mu 2020. Finance Bank inagulidwa ndi Atlas Mara mu 2016, Cavmont inalowa mu Access Bank, ndipo kenako Atlas Mara nayonso inagulidwa ndi Access Bank. Sindikunena kuti ndi imodzi mwa zimenezi, koma banki ikagulidwa mabuku ake a nkhongole amapita kwa mwini watsopano, ndipo makalata amatumizidwabe ku bokosi la positi limene munalemba kalekale. Ngati mungapeze pepala la chaka cha 2013 chisanafike, kumbukirani kuti kwacha inachotsedwa maziro atatu, choncho K2,300,000 ya nthawi imeneyo ndi K2,300 ya lero.

A Phiri opuma pantchito:
Mnyamata iwe, pamene ine ndinkalandira malipiro oyamba bambo ako anali asanayambe sukulu. Banki imene imasintha dzina kawirikawiri siyenera kusungira munthu ngakhale ngwee imodzi, ndipo mawu angawa mudzawakumbukira.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse, ngakhale kuti mawu ena andipweteka, chifukwa ine si munthu wokonda kukongola. A Phiri, kwa anyakwawa sindingapite popeza alamuwo ndi msuweni wawo. NaTembo, anthu awiri andilembera kale kumbali ndipo sindinawayankhe. Zamapepala akale zikhala zovuta, chifukwa pamene tinkakhala ku Lundazi bambo a kunyumba ndi amene ankasunga mapepala anga onse pamodzi ndi NRC yanga m'chikwama chawo, ndipo titasiyana anapita nacho chikwamacho, moti ndinachita kutenganso NRC ina. Panopa mitambo yayamba kale kusonkhana ndipo mipanda ya nyumba ili pamtetete.

Amake Chisomo:
Mayi, zimene mwanena zokhudza chikwamazi n'zofunika kuposa zonse zimene takambirana, ndipo munayenera kuyamba nazo. Musalipire ngakhale kwacha imodzi musanaone lipoti lija, ndipo mukadziwa bankiyo mukapemphe kuona fomu imene inasainidwa potsegula akauntiyo. Koma funso langa loyamba lija simunayankhebe. Kodi inuyo munasainapo fomu yopempha khadi imeneyi, kapena ayi?