Chitseko cha Corolla Fielder ya siliva: cellulose kapena basecoat ndi clear?

Mwini Fielder, Zomba

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa ntchito yopopera penti pa galimoto. Ndili ndi Toyota Corolla Fielder ya 2010 ya mtundu wa siliva, ndipo mwezi watha njinga yamoto inagunda chitseko chakumbuyo cha kumanzere mpaka chinapindika. Chitsekocho anachiwongola kale n'kupakapo filler (phala lodzaza malo opindika), chatsala ndi penti basi. Ndafunsa amisiri awiri ndipo andiuza zosiyana. Woyamba akuti apopera cellulose, penti wa gawo limodzi, pa chitseko chokhacho, ntchito ya tsiku limodzi, pa mtengo wotsika. Wachiwiri akuti pakufunika basecoat ndi clear, komanso akufuna kupopera mbali ina ya chitseko chakutsogolo ndi ya chitsulo cha pamwamba pa tayala lakumbuyo, malo amene sanawonongeke n'komwe. Kodi wachiwiriyu akunena zoona, kapena akungofuna kukweza mtengo? Galimotoyi ndi imene ndimadyera, ndipo sindikufuna kuti ikhale ya mawangamawanga.

Mmisiri wa ku Ndirande

Bambo, wachiwiriyo sakukuberani. Penti amene mungasankhe ayenera kutsatira amene galimotoyo inabwera naye kuchokera ku Japan, ndipo siliva wa Toyota amakhala wa magawo awiri: pansi pali basecoat amene ali ndi mtundu, pamwamba pali clear amene amawala ndi kuteteza mtunduwo ku dzuwa. Mutha kutsimikiza nokha. Tengani kansalu koyera ndi polishi wa galimoto, mupukute pamalo obisika a chitseko china. Kansaluko kakatenga mtundu wa galimoto ndiye kuti penti wake ndi wa gawo limodzi, koma kakapanda kutenga mtundu ndiye kuti pali clear.

Chimene chimavuta pa siliva ndi tizidutswa ta aluminiyamu timene tili m'pentimo. Momwe tizidutswato timagonera pa chitsulo zimadalira mphamvu ya mpweya wa kompresa, kutalika kwa dzanja la wopopera kuchokera pa chitseko, ngakhalenso kutentha kwa tsikulo, choncho penti wa m'chitini chimodzi atha kuoneka wakuda pang'ono lero, mawa n'kuoneka woyererapo. Mukalekezera penti watsopano m'mphepete mwa chitseko, diso limaona msanga kusiyanako, makamaka madzulo dzuwa likapendeka. N'chifukwa chake timamwaza basecoat mopepuka kulowa m'zitsulo zoyandikana, kenako n'kupopera clear pa chitsulo chilichonse chathunthu. Musanagule penti, yang'anani nambala ya mtundu pa kachitsulo kapena kapepala kamene kali m'chipinda cha injini kapena pa nsanamira ya chitseko, pamene palembedwa C/TR, ndipo mupite ndi kachitseko ka pothira mafuta kwa osakaniza penti kuti akayerekeze, popeza dzuwa la kuno limasintha mtundu pakapita zaka.

Dalaivala wa Probox, Mzuzu

Ine sindikutsutsa zimene anena amisiriwa, koma cellulose tisamunyoze kwambiri, chifukwa amauma msanga ndipo akalakwika amakonzeka mosavuta. Komabe pa galimoto yanga yoyera, imene ilibe tizidutswa tonyezimira, ndinasankha 2K wa gawo limodzi, amene amasakanizidwa ndi hardener (mankhwala olimbitsa penti) ndipo amawala yekha popanda clear. Papita zaka zitatu ndipo sanafwifwe, pomwe bampala imene anandipoperapo cellulose inayamba kuzilala chaka chisanathe. Kwa galimoto ya siliva ngati yanuyo njira yangayi siingathandize.

Mphunzitsi wa ntchito zamanja, Lilongwe

Bambo a ku Zomba, ndiwonjezepo za zimene zili pansi pa penti, popeza ntchito zambiri zimawonongekera pamenepo. Filler amamwa chinyezi ndiponso amamwa penti, choncho afunika kukwiriridwa ndi primer (penti wapansi) wa 2K, aume bwino, kenako akwechedwe ndi sandipepa wosalala, monga P500 wouma kapena P800 wa madzi. Siliva sabisa kanthu. Mizere ya sandipepa wokhakhala imaonekera yonse. Ngati galimotoyo inapoperedwapo enamel m'mbuyomu, thinner wa cellulose ndi waukali moti amatukula penti wakaleyo n'kumuchititsa makwinya, ndipo ntchito yonse imayambanso. Muyeso wosakanizira uzitengedwa pa chitini osati pa kuzolowera kwa mmisiri. Clear wambiri amafuna magawo 2 a clear pa gawo 1 la hardener, koma si onse, ndipo pakati pa kupopera koyamba ndi kwachiwiri pamafunika kudikira mphindi 10 mpaka 15.

Chimene chimandipweteka mtima ndi kuona achinyamata akupopera 2K pansi pa mtengo atangomanga kansalu kumphuno. Mu hardener muli mankhwala otchedwa isocyanate amene amayambitsa mphumu, ndipo munthu akadwala nayo nthawi zambiri sangabwererenso pa ntchitoyi. Kansalu kapena chophimba cha fumbi sichitsekereza mankhwalawa. Mufunseni mmisiri wanuyo za chimene amavala kumaso ndi malo amene apoperere, chifukwa panja nthawi ya mvula chinyezi chimachititsa penti kuyera ngati nkhungu, ndipo mu Okutobala fumbi limamatirira pa clear asanaume.

Mwini Fielder, Zomba

Zikomo kwambiri nonse. Nambala ndaipeza, ndi 1F7, ndipo kansalu sikanatenge mtundu uliwonse nditapukuta. Mmisiri wachiwiri uja wandionetsa shedi yotchinga imene amagwiriramo ntchito, ndipo wavomera kuyamba wapopera pa kachitsulo kena kuti tiyerekeze mtundu panja padzuwa asanakhudze galimoto. Ndimusiyira galimotoyi Lolemba likubwerali pamodzi ndi kachitseko ka mafuta.