Kodi druid wa levo 2 angasanduke ng'ona kuti awoloke mtsinje?

Wofunsa, wa ku Ulónguè:

Akuluakulu anzanga, ndithandizeni maganizo pa nkhani imene inatiimitsira masewera Loweruka lapitali. Ine ndine amene ndimayendetsa Dungeons & Dragons (masewera a patebulo ofotokoza nkhani ndi kuponya madayisi) pagulu lathu la anthu asanu, ndipo timatsata buku la malamulo, Player's Handbook ya 2014. Gulu linafika pamtsinje wosefukira, adani ali m'mbuyo, ndiye mnzathu amene amasewera druid (munthu wa m'nkhani wa matsenga a chilengedwe, wotha kusanduka nyama) wa levo 2 anati asanduka ng'ona kuti awolotse anzake pamsana. Nditamufunsa ngati druid wakeyo anaonapo ng'ona, popeza lamulo limati druid amasanduka nyama yokhayo imene anaionapo ndipo tinagwirizana kuti anakulira kumapiri, anayankha kuti iye mwini anaziona ndi maso ake zikuwothera dzuwa m'mbali mwa Zambezi atapita ku Tete. Tinakangana mpaka tiyi anazizira m'makapu. Ndinamukaniza, koma anachoka atakwinya nkhope, ndipo sindifuna kuti azindiona ngati wokondera. Kodi ndinaweruza molondola?

Yankho loyamba, wa ku Moatize:

Achimwene, munaweruza bwino, ndipo nkhani yoona kapena kusaona ng'ona simukanavutika nayo n'komwe, chifukwa lamulo la Wild Shape (mphamvu ya druid yosanduka nyama) linali litatseka kale khomo limeneli. Pa levo 2 druid amaloledwa chilombo chosapitirira CR 1/4 (CR ndi muyezo wa kuopsa kwa chilombo), chopanda liwiro losambira kapena louluka. Ng'ona ndi ya CR 1/2 ndipo ili ndi liwiro losambira, choncho imalephera pa zifukwa ziwiri. Imayamba kuloledwa pa levo 4, ndipo buku lomwelo limaitchula ngati chitsanzo cha levo imeneyo. Zouluka zimadikira levo 8, pamene malire amafika pa CR 1. Ngakhale nsato, imene ndi ya CR 1/4, siloledwa pa levo 2 chifukwa nayonso inalembedwa ndi liwiro losambira.

Chimene ndikanakonda mukanamuuza mnzanuyo n'chakuti chilombo chopanda liwiro losambira sichiletsedwa kulowa m'madzi. Mmbulu ukhoza kusambira, kungoti umayenda theka la mtunda umene ukanayenda pamtunda, ndipo ngati madzi ndi aukali inu mukhoza kumuuza kuti aponye dayisi ya Athletics, yoyesa mphamvu za thupi. Akanaluma chingwe, n'kuwoloka nacho, n'kubwerera m'thupi lake la munthu kutsidya kuti achimange pamtengo, anzake onse akanawoloka atagwira chingwecho, ndipo iye akanakhalabe ngwazi ya tsikulo.

Yankho lachiwiri, wa ku Songo:

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Moatize, koma funso la "kuona" lidzabweranso akadzafika levo 4, choncho ndi bwino kulithetsa panopa. Woona ndi druid wa m'nkhaniyo, osati munthu amene wakhala pampando. Tikanatsata maso a wosewera, ife a kuno ku Cahora Bassa tikanamasanduka ng'ona ndi mvuu tsiku lililonse, koma chimbalangondo, chimene m'bukumo ndi chodalirika kwambiri pankhondo, sitikanachilawa mpang'ono pomwe. Pagulu lathu, tsiku limene munthu akupanga druid wake timakhala naye pansi n'kulemba papepala zilombo za kumene anakulira, ndipo china chilichonse chimawonjezedwa pokhapokha akakumana nacho m'nkhani. Zimenezi zinapangitsa kuti mtsikana wina wa pagulu lathu azindifunsa kawirikawiri kuti, "Kodi m'dambomu mukuoneka nyama yanji?" ndipo amapatukadi panjira kukazonda zilombo.

Chimene chimachititsa malirewa kukhala ofunika ndi moyo wa chilombocho. M'malamulo a 2014 druid amatenga mapointi a moyo a nyamayo, mwachitsanzo 11 a mmbulu kapena 19 a ng'ona, ndipo akatha amangobwerera m'thupi lake ndi mapointi amene anali nawo asanasanduke, kupatulapo chivulazo chimene chapitirira. Amatha kuchita zimenezi kawiri, ndipo kupuma kwa ola limodzi kumamubwezera mwayi wonsewo. Wosankha Circle of the Moon (gulu la madruid akatswiri pa kusanduka zilombo) amayamba ndi CR 1 pa levo 2, ndiye mkango ndi wake kuyambira pachiyambi, koma lamulo la kusambira limamugwirabe mpaka levo 4, ndipo njovu, imene ndi ya CR 4, amaipeza pa levo 12.

Chenjezo langa laling'ono n'lakuti muzisamala posewera pakhonde. Tsiku lina mng'ono wanga anakuwa kuti, "Ndasanduka fisi!" agogo athu akusenda nyemba chapafupi, ndipo zinatitengera madzulo onse kuwatsimikizira kuti m'nyumba simunalowe ufiti.

Yankho lachitatu, wa mumzinda wa Tete:

Mufunsenso mnzanuyo ngati sanawerenge malamulo a 2024 pa intaneti, chifukwa mikangano yambiri masiku ano ikuchokera pa kusakaniza mabuku awiriwa. M'buku latsopanolo nkhani yoona nyama inachotsedwa, ndipo druid amasankha maonekedwe 4 pa levo 2, 6 pa levo 4 ndi 8 pa levo 8. Zosambira zimaloledwa kuyambira pachiyambi, amatha kulankhula ali chilombo, koma amakhalabe ndi mapointi ake a moyo n'kungowonjezeredwa apadera ofanana ndi levo yake. Ngakhale zili choncho, ng'ona ikadali ya CR 1/2, ndiye pa levo 2 sakanaipeza m'buku lililonse mwa awiriwa.

Wofunsa, wa ku Ulónguè:

Zikomo kwambiri nonsenu. Ndamuimbira foni, ndipo wavomera kuti anawerengadi za 2024. Tagwirizana kuti Loweruka likubwerali tiyamba ndi kulemba pepala la zilombo zake, ndipo ine ndaika kale ng'ona yaikulu pamchenga wa kutsidya kwa mtsinje uja, kuti druid wake aione bwinobwino asanafike levo 4.